Mwala Wopyapyala Kuposa Tsitsi: Mmene Anthu Anaphunzilila Kuwelenga Miyala ya Moto

Ambili a ife tinaonapo Mathithi a Mosi-oa-Tunya, kaya na maso kapena pa foni cabe. Cimene cimatenga mtima ni madzi, nkhungu yake na utawaleza. Mwala wakuda umene madziwo amagwelapo palibe amauyang'ana kawili. Dzina lake ni basalt, ndipo mwana wa ku sekondale angalembe pa mayeso kuti ni ciphalaphala ca moto cimene cinatuluka pansi n'kuzizila. Yankho imeneyi timailandila monga kuti inalipo kuyambila kale. Koma zaka zoposa 200 zapitazo, anthu ophunzila kwambili ku Ulaya anali kukangana koopsa za mwala umenewu. Ena anali kuti unabadwa m'moto, ena m'madzi.

Vuto inali yakuti basalt simaonetsa za mkati mwake. Tikatola granite, timaona na maso tumibulu twake, tofiilila, toyela na twakuda. Tikatola basalt timangoona cinthu cimodzi cakuda, colemela, monga phula louma la mumsewu. Tumibulu twake ni tung'onotung'ono kwambili cakuti diso silingatulekanitse. Kuti anthu afike podziwa zimene zili mkati, panafunika wina aganize cinthu cimene anzake anaciona monga misala: kupala mwala mpaka kuwala kudutse.

Gulu la madzi na gulu la moto

Mu 1775, Abraham Gottlob Werner anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya za migodi ku Freiberg, m'cigawo ca Saxony ku Germany. Anali mphunzitsi waluso, ndipo ophunzila anali kubwela kucokela m'maiko ambili kudzamumvetsela. Werner anali kuphunzitsa kuti kale dziko lonse linali lomila m'nyanja imodzi yaikulu, ndipo miyala yambili, kuphatikizapo granite na basalt, inadikha pansi pa nyanjayo monga mmene mcele umatsalila m'poto madzi akauma. Sanali kungolota. Pa kaphili ka Scheibenberg anaona basalt itagona bwinobwino pamwamba pa mcenga na dongo, mizele yosanjikizana monga mmene madzi amasanjila zinthu. Nanga mapili ophulika? Werner anati amenewo ni malasha cabe amene anagwila moto pansi pa nthaka, nkhani yaposacedwa komanso yaing'ono.

Ku France kunali munthu wina amene anali ataona zosiyana. Mu 1763, Nicolas Desmarest anayenda m'dela la Auvergne, kumene kuli mapili amene anaphulikapo kalekale n'kuzima. Anapeza basalt yoima monga zipilala, n'kuilondola pansi na miyendo mpaka anafika pakamwa pa phili pamene inatulukila. Ku Scotland, James Hutton anauza akatswili a ku Edinburgh mu 1785 kuti kutentha kwa mkati mwa dziko ndiko kumasungunula miyala na kukweza mapili. Otsatila Werner anachedwa gulu la Neptune, mulungu wa nyanja wa Aloma, ndipo otsatila Hutton anachedwa gulu la Pluto, mulungu wa pansi pa dziko.

A gulu la madzi anali na funso lamphamvu. Anati mukasungunula basalt m'ng'anjo n'kuisiya kuti izizile, mumapeza galasi lakuda, osati mwala. Ndiye ingakhale bwanji mwana wa moto? Amene anayankha ni James Hall, mnzake wa Hutton. Hutton atamwalila mu 1797, Hall anasungunula basalt ya ku Scotland pamodzi na ciphalaphala couma ca ku mapili a ku Italy. Akaziziletsa mwamsanga anali kupeza galasi. Akaziziletsa pang'onopang'ono anali kupeza mwala wa tumibulu, wofanana na umene anayamba nawo. Conco cinsinsi cinali nthawi. Tigwile mfundo imeneyi cifukwa zonse zotsatila zaimilila pa iyo: kukula kwa tumibulu kumatiuza liwilo limene mwala unazizilila.

Ophunzila a Werner eniake ndiwo anatsiliza mkangano. Leopold von Buch anapita ku Auvergne mu 1802, anaona na maso ake, ndipo m'kupita kwa nthawi anasiya ciphunzitso ca mphunzitsi wake. Pamene Werner anali kumwalila mu 1817, gulu la madzi linali litayamba kale kutha mphamvu. Miyendo na ng'anjo zinagamula kuti basalt ni ya moto. Koma funso lakuti muli ciani mkati mwake linatsalabe.

Kupela mwala, kusefa kuwala

Mu 1815, Louis Cordier wa ku France anayesa njila ya mtondo. Anaphwanya basalt kukhala ufa, anautsuka, n'kuuika pa maikulosikopu. Anapeza kuti mwala wooneka monga cinthu cimodzi uja ni msanganizo wa maminelo odziwika kale: feldspar, pyroxene na tumibulu twakuda twa citsulo. Inali nchito yabwino, koma inali na malile. Ukasinja nyumba n'kukhala fumbi ungadziwe kuti munali njelwa na simenti, koma sungadziwenso mmene womanga anaziyalila.

Njila ina inabadwila ku Edinburgh, m'manja mwa William Nicol. Nicol anali kufuna kuona mkati mwa mitengo yakale imene inasanduka mwala. Anali kusalaza mbali imodzi ya kacidutswa, kukamata pa galasi na utomoni wa mtengo wa ku Canada wochedwa Canada balsam, kenako kupala mbali inayo mpaka kuwala kutayamba kudutsa. Zithunzi za nchito imeneyi zinatuluka m'buku la Henry Witham mu 1831.

Nicol anapanganso cinthu caciwili ca m'ma 1828. Anatenga kulusitalo woyela wa calcite wa ku Iceland, anamudula pawili mopingasa n'kumatanso na utomoni womwe uja. Kacipangizo kameneka kamasefa kuwala. Kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyale kumagwedezeka mbali zonse, koma kukadutsa m'sefa ya Nicol kumatuluka kukugwedezekela mbali imodzi cabe. Tikaika masefa awili mopingasana, yoyamba imalola mbali imodzi, yaciwili n'kuitsekeleza, ndipo timaona mdima. Amene ali na magalasi a dzuwa a polarized angayese: yang'anani sikilini ya laputopu n'kupendeketsa mutu, mudzaona ikuda. Lomba tikaika kulusitalo wopyapyala pakati pa masefa awiliwo, iye amagawa kuwala pawili, mbali imodzi n'kuyenda mocedwelako kuposa inzake, ndipo zikakumananso pa sefa yaciwili zimabala mitundu. Minelo iliyonse imabala mitundu yakeyake. Nicol anamwalila mu 1851 zida ziwili zimenezi zili m'nyumba mwake, koma amene anazigwilitsila nchito mokwanila pa miyala anali munthu wina.

Mnyamata wa ku Sheffield

Henry Clifton Sorby anabadwa mu 1826 pafupi na Sheffield, tauni ya ku England yochuka na mipeni na zitsulo. Banja lawo linali na bizinesi yopanga zida, ndipo atate ake atamwalila mu 1847 anamusiyila cuma cokwanila kuti asafunefune nchito. Sanapite ku yunivesite. Anakonza cipinda m'nyumba mwawo n'kuyamba kufufuza zimene mtima wake unafuna. Luso lopala zinthu zolimba anaphunzila kwa William Crawford Williamson wa ku Manchester, amene anali kupala mano, mamba na mafupa akale. Mu 1849, ali na zaka 23, Sorby anapala mwala weniweni kuti auyang'ane pa maikulosikopu.

Nchitoyo inali ya manja na kuleza mtima. Anali kuswa kacidutswa, kukakhuta pa mwala wonolela na madzi na ufa wokhakhala, kenako wosalala, kukamata pa galasi, n'kukhutanso mbali inayo. Ukathamanga, kamwala kamang'ambika kapena kutha konse, ndipo maola ako apita pacabe. Muyezo umene akatswili anagwilizana pambuyo pake, umene tikali kuseŵenzetsa, ni mamilimita 0.03. Tsitsi la munthu nthawi zambili limanenepa kuwilikiza kawili kapena katatu kuposa pamenepo. Pa kupyapyala kotele, miyala yambili imene timaidziwa monga yakuda imalola kuwala kudutsa.

Mu December 1857, Sorby anaimilila pamaso pa Geological Society ku London na zimene anapeza, ndipo zinasindikizidwa mu 1858. Anakamba za tumabowo tung'onotung'ono tumene tumatsekeledwa mkati mwa kulusitalo pamene akukula. M'makulusitalo a m'ciphalaphala ca phili la Vesuvius anapeza tumadontho twa galasi, kutanthauza kuti kulusitaloyo anakulila m'mwala wosungunuka ndipo anameza kadontho kake. Mu quartz wa m'granite anapeza tumabowo twa madzi, kalikonse kali na kathovu mkati. Anaganiza motele: madziwo anatsekeledwa ali otentha, atadzaza kabowo konse, ndipo pozizila anafwamphuka n'kusiya mpata. Conco kukula kwa kathovu kungatithandize kuyelekezela kutentha kumene mwala unapangikila. Apa panali cinthu coseketsa kwa onse amene anakumbukila mkangano wakale uja. Granite inali ya moto ndithu, koma m'motomo munalinso madzi, opanikizidwa pansi pakuya.

Akuluakulu a ku London sanaombe m'manja. Amene anali kutsogolela msonkhanowo anaonetsa poyela kuti zinali zovuta kukhulupilila. Ena anali kumuseka kuti munthu angaphunzile bwanji mapili pa maikulosikopu. Sorby sanataye nthawi kukangana nawo. Anatembenukila ku miyala yogwa kucokela kumwamba, ndipo kufuna kumvetsa citsulo ca m'miyala imeneyo kunamufikitsa pa zitsulo za m'mafakitale a kwawo. Ca m'ma 1863 anayamba kusalaza citsulo, kucidyetsa asidi pang'ono n'kuciyang'ana na kuwala kocokela pamwamba. Umu ni mmene kuyeza zitsulo pa maikulosikopu kunayambila. Anamwalila mu 1908, anzake atavomeleza kale kuti woseka uja ndiye anali kumbuyo.

Mbewu inamela ku Germany

Kumayambililo kwa zaka za m'ma 1860, Sorby anapita kukayenda ku mtsinje wa Rhine, ndipo anakumana na wacinyamata wa ku Bonn dzina lake Ferdinand Zirkel. Anamuonetsa tumagalasi twake na mmene amatupangila. Zirkel anali atapitako kale ku Iceland, dziko la mapili a moto, ndipo anazindikila mwamsanga cimene anapatsidwa. Mu 1863 anatulutsa zofufuza zake zoyamba za pa maikulosikopu, ndipo mu 1870 analemba buku lathunthu la basalt, limene analipeleka kwa Sorby monga ulemu. M'bukulo anaonetsa kuti miyala imene onse anali kuicha basalt si mtundu umodzi. Ina ili na feldspar, ina m'malo mwake ili na nepheline kapena leucite, maminelo amene amamela ngati m'ciphalaphala muli silica wocepa. Kunja yonse ni yakuda mofanana. Mkati ni mabanja osiyana.

Harry Rosenbusch anatulutsa buku lake lalikulu mu 1873 na laciwili mu 1877, ndipo kalasi yake ku Heidelberg inakhala kumene acinyamata a ku America, Japan na maiko ena anali kupita kukaphunzila luso limeneli. M'zaka zomwezo amisili anayamba kupanga maikulosikopu a miyala okhaokha, okhala na masefa awili a Nicol na kathebulo kozungulila. Ku France, Ferdinand Fouqué na Auguste Michel-Lévy anacita nchito yofanana, ndipo mu 1888 Michel-Lévy anatulutsa chati ya mitundu imene imagwilizanitsa mtundu wooneka, kupyapyala kwa mwala na minelo yake. Chati imeneyo ikali kukhomedwa pa zipupa za malabu mpaka lelo.

Maikulosikopu inawongolanso colakwa ca akatswili ake omwe. Ku Germany anali kupatsa miyala ya moto yakale kwambili maina osiyana na yaposacedwa, poganiza kuti dziko lakale linali kuphika miyala ya mtundu wina. Samuel Allport wa ku Birmingham, munthu wa bizinesi amene anali kupala miyala pa nthawi yake yopuma, anaonetsa mu 1874 kuti miyala yakaleyo inali basalt yomweyo, kungoti madzi na zaka zinasintha maminelo ena. Moto wa kale na moto wa lelo unali kuphika mofanana.

Zimene diso limaona

Tiyeni tiike kagalasi ka basalt pa kathebulo. Na sefa imodzi cabe, timaona tumizele toyela monga tumitengo twa macisi tomwazika, tumibulu tofiililako, na tumadontho twakuda bii tumene kuwala sikudutsa. Twakudato ni maminelo a citsulo monga magnetite. Tikalowetsa sefa yaciwili, cithunzi cimasintha. Tumitengo twa macisi tuja tumakhala na mizele yoyela na yakuda monga mbidzi, ndipo tikazungulutsa kathebulo mizeleyo imasinthana. Ameneyo ni plagioclase, wa m'banja la feldspar. Pyroxene amaonetsa cikasu, ofiila kapena buluu, ndipo ali na tuming'alu toongoka tumene tumakumana pafupifupi monga kona ya nyumba. Olivine amawala kwambili, buluu, gilini na pinki monga citenje catsopano, ndipo ming'alu yake ni yokhotakhota. Malo amene akhalabe akuda olo tizungulutse bwanji, koma anali kulola kuwala tisanaike sefa yaciwili, ni galasi: ciphalaphala cimene cinauma cisanapeze nthawi yomeletsa kulusitalo.

Kudziwa maina ni theka cabe la nchito. Theka lina ni kuona mmene tumibulu twakhalilana, cimene Cordier anataya mu mtondo wake. Tikaona makulusitalo akuluakulu ocepa atazungulilidwa na tung'onotung'ono tosawelengeka, mwalawo unazizila kawili. Akuluwo anakula mosathamanga pansi pakuya, kenako phili linaphulika, ndipo madzi a mwala otsalawo anauma mwamsanga panja. Tikaona tumitengo twa feldspar tonse tutaloza mbali imodzi, monga mitengo yotengedwa na mtsinje, tadziwa kumene ciphalaphala cinali kuyendelela. Tikaona pyroxene wamkulu atameza tumitengo twa feldspar mkati mwake, kuzizila kunali kwa pang'onopang'ono, mwina pakatikati pa ciphalaphala cocindikala kapena mu mng'alu pansi pa nthaka. Mabowo obulungila ni malo a mpweya umene unali kuthawa, monga thovu la botolo la dilinki ikatsegulidwa. Akaculuka kwambili timapeza pumice, mwala umene umayandama pa madzi.

Makulusitalo ena a plagioclase ali na mizele yozungulila mkati monga ya mtengo wodulidwa. Mzele uliwonse ni cizindikilo cakuti cinacake cinasintha pamene anali kukula: kutentha, kupanikizika, kapena ciphalaphala catsopano cinalowa kucokela pansi. Amene anafotokoza dongosolo la zonsezi ni Norman Bowen, wobadwila ku Canada, amene anali kusewenzela ku Geophysical Laboratory ku Washington. Anali kusungunula misanganizo, kuiziziletsa mwadzidzidzi pa kutentha kosiyanasiyana, n'kuona pa maikulosikopu cimene camela. Mu 1922 anaonetsa kuti maminelo amabwela motsatana: olivine koyambilila, pyroxene pambuyo pake, ndipo quartz kothela. Ngati oyambililawo amila n'kupatukana na madzi otsala, ciphalaphala cimodzi cingabale miyala yosiyanasiyana. Imeneyi inali ng'anjo ya James Hall itakumana na galasi la Sorby.

Mwala wa ku Batoka

Lomba tibwele kwathu. David Livingstone ataona mathithi mu 1855, anaganiza kuti nthaka inang'ambika mwadzidzidzi ndipo Zambezi anagwela mu mng'aluwo. Mu 1905, caka cimene ulalo wa njanji unatsegulidwa pa mathithi, George Lamplugh wa ku Britain anayenda m'zigwembe za kumunsi kwa mathithi akuyeza na kutola miyala. Lipoti yake inatuluka mu 1907, ndipo mbali ya maikulosikopu inalembedwa na Herbert Henry Thomas. Miyala imeneyi imadziwika kuti basalt ya Batoka.

Zimene tidziwa lelo ni izi. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, ciphalaphala cotentha madigili oposa 1,000 cinatuluka m'ming'alu n'kuyala dziko, cina pamwamba pa cinzake. Sicinali kuno kokha. Mapili a ku Lesotho na miyala ina ya ku Antarctica ni ya nyengo yomweyo, pamene cimtunda cacikulu ca Gondwana cinali pafupi kugawikana. Pamwamba pa ciphalaphala ciliconse pali mabowo a mpweya, ndipo ambili anadzazidwa pambuyo pake na maminelo obwela na madzi, monga agate, calcite na zeolite. Mwalawo uli na ming'alu italiitali yodutsa mopingasa mtsinje. Zambezi amapeza mng'alu wofooka, amaukumba, n'kupanga mathithi atsopano kumtunda kwa akale. N'cifukwa cake zigwembe za kumunsi zimakhota uku na uku. Ciliconse cinali mathithi pa nthawi yake. Khoma la lelo, lotalika mamita oposa 100 komanso lotambalala mamita pafupifupi 1,700, nalonso lidzasiyidwa.

Thomas yemweyo anadzachuka na nkhani ina. Mu 1923 anaonetsa kuti miyala ina ya pa Stonehenge ku England, ya mtundu wa dolerite wamaangamaanga, inacokela ku mapili a Preseli ku Wales, mtunda wa makilomita oposa 200. Anthu amene anainyamula zaka masauzande zapitazo sanasiye colembedwa ciliconse. Umboni unali m'mwala.

Mwezi, Goma na Kariba

Mu July 1969, a Apollo 11 anabwelako ku mwezi na miyala na dothi zolemela makilogilamu pafupifupi 21 na theka. Cimodzi mwa zinthu zoyambilila zimene akatswili anacita cinali kupala tumagalasi twa mamilimita 0.03, monga mmene Sorby anacitila zaka 120 kumbuyo. Anapeza kuti madela akuda amene timaona pa mwezi usiku ni basalt, ya pyroxene, plagioclase na minelo yakuda ya ilmenite. Miyalayo inali na zaka zoposa 3.5 biliyoni, koma makulusitalo ake anali oyela monga ophikidwa dzulo, opanda dongo kapena dzimbili, cifukwa kulibe mvula yowaononga. Anapezamo minelo yatsopano imene anaicha armalcolite, kucokela ku maina a Armstrong, Aldrin na Collins. M'dothimo munalinso tuzidutswa toyela twa plagioclase pafupifupi yekhayekha. Kucokela pa tuzidutswa tumenetu, John Wood na anzake anapeleka ganizo mu 1970 lakuti mwezi uli wakhanda unakutidwa na nyanja ya mwala wosungunuka, ndipo plagioclase wopepuka anayandama n'kupanga khungu lake.

Pafupi na ife, ku Congo, phili la Nyiragongo linatsanulila ciphalaphala mu tauni ya Goma mu January 2002, ndipo linaphulikanso mu May 2021. Miyala yake ili na nepheline na leucite, maminelo aja amene Zirkel anaona. Amenewa ni cizindikilo ca silica wocepa, ndipo ciphalaphala ca silica wocepa cimakhala camadzimadzi, cothamanga kwambili pa mtsetse. Ca silica wambili cimakhala colimba monga nsima, cimatsekela mpweya, ndipo cimaphulika mwaukali. Kwa anthu okhala m'munsi mwa phili, kudziwa kusiyana kumeneku ni nkhani ya moyo.

Olo ife amene tilibe phili lophulika, luso limeneli limatikhudza. Mu 1940, injiniya Thomas Stanton wa ku California anaonetsa kuti miyala ina ikasanganizidwa na simenti imayamba kulimbana nayo pang'onopang'ono, n'kupanga zinthu zofufuma zimene zimang'amba konkili pakapita zaka. Galasi la m'miyala ya moto na mitundu ina ya silica ni zina mwa zoyambitsa vuto imeneyi. Kufufuma kwa konkili kwa mtundu umenewu ni cimodzi mwa zifukwa zimene zipata za madzi pa damu ya Kariba zinafunikila kukonzedwa. Njila yodziwilatu ngati mwala wa pa kwale ni woyenela ulalo kapena damu imayambila pa kagalasi komwe kaja.

Ndani awelenge miyala yathu

Tikhala m'dziko limene limadya za pansi pa nthaka. Mkuwa wa ku Copperbelt suli m'miyala ya mapili ophulika, koma amene amaufufuza amaseŵenzetsa maikulosikopu yomweyo kuti adziwe minelo imene yanyamula mkuwa, kukula kwa tumibulu twake, na mmene mwala uyenela kupeledwela kuti cuma cituluke. Amene adziwa kuwelenga zimenezi ndiye amadziwa mtengo weniweni wa cimene cili m'thumba. Mwala wa ku Batoka unayamba kufotokozedwa m'magazini ya ku London, kwa owelenga amene ambili a iwo sanamvepo mkokomo wa mathithi. Lelo maphunzilo amenewa alipo ku School of Mines pa University of Zambia na ku Copperbelt University, ndipo boma lili na Geological Survey Department mu Lusaka.

Masiku ano kuli makina amene amayeza maelementi a kulusitalo mmodzi na kuwelenga zaka zake. Koma katswili asanayatse makina odula amenewo, amayamba wakhala pansi na kagalasi, n'kuzungulutsa kathebulo, kuti adziwe pamene ayenela kuloza. Sorby anali na cuma ca atate ake cimene cinamupatsa nthawi, ndipo ambili a ife tilibe mwayi umenewo. Koma Allport anali kupala miyala akaweluka ku nchito, ndipo anawongola mapulofesa. Zida zake zinali mwala wonolela, madzi, utomoni na galasi. Kacidutswa ka basalt ka ku Batoka kocepa monga cikhadabo, kakapalidwa mpaka mamilimita 0.03, kamaonetsa minelo imene inayamba kumela, liwilo limene ciphalaphala cinazizilila, na madzi amene anadzalowa m'mabowo ake moto utazima.